Mutu 6: Mpweya Womaliza wa Mita ya pa Chitsime

1. Mizere isanu ndi umodzi

Pali chinthu chimene Shelby Kucera sanauze munthu aliyense, ngakhale mayi ake omubereka. Ng'ombe khumi ndi zinayi za mlimi wina, Mayi Pokorny, zinafa ndi ludzu chifukwa cha mizere isanu ndi umodzi imene iye analemba pa kompyuta.

Shelby anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anali atangomaliza sekondale. Anali mtsikana wamanyazi zedi. M'kalasi yankho ankalidziwa, koma linkathera pakhosi. Pa kompyuta pokha m'pamene zala zake zinkanena zimene pakamwa pankakana.

Mnzake wa pamtima anali Tate Brandvold. Anakwera basi ya sukulu imodzi zaka khumi ndi ziwiri, mpando wakenso umodzi. Tate ndiye anali pakamwa pa Shelby. Akalowa malo odyera, woitanitsa chakudya anali iyeyo. Ankamutchula kuti Nachete, ndipo Shelby sankakwiya nazo.

Nyengo yotentha itafika, bungwe la magetsi la alimi a ng'ombe a kumpoto kwa Nebraska linawatenga onse awiri kuti aphunzire ntchito. Bungweli linali litangomaliza kuika mamita atsopano, olankhula ndi ofesi pa wailesi.

Magetsi akazima, mita yotere imatsala ndi kamphamvu kongokwanira uthenga umodzi wakuti: ndazima. Amisiri amautchula kuti mpweya womaliza. Uthengawo umadumpha mita ndi mita, zitunda za mchenga zonsezo, mpaka ku ofesi. Ukafika, pulogalamu imayatsa dontho lofiira pa mapu, n'kuliza foni ya mmisiri amene ali pa ntchito sabata imeneyo.

Injiniya wa bungwe, Mayi Dreesen, anawapatsa pulogalamu yoyeserera kuti aziphunzirirapo. Koma mawu achinsinsi olowera mu pulogalamu yeniyeni anapatsa Shelby yekha, chifukwa ndiye ankakonza mayina a mamita.

"Awa ndi ako wekha," anatero Mayi Dreesen. Shelby anangogwedeza mutu.

2. Kachikwangwani kofiira

Sabata yoyamba, a Orval Jesperson anawatengera awiriwa ku siteshoni yogawira magetsi. A Orval anali amalume ake a Shelby. Anali atakwera mapolo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo makompyuta sankawakhulupirira kwenikweni. Foni ya ntchito ankaitchula kuti kachidole.

"Mdala, masiku ano mawaya akulankhula okha," anatero Tate m'galimoto. "Posachedwa muzingokhala pakhonde n'kumamwa khofi."

"Nawenso umalankhula wekha," anayankha a Orval. "Koma zonse n'zanzeru?"

Shelby anaseka atagwira pakamwa.

Atafika, a Orval anaima pa swichi yaikulu. Pa chogwirira chake panali loko, ndipo pa lokoyo panalendewera kachikwangwani kofiira, kolembedwa dzina la munthu ndi tsiku.

"Bwerani pafupi, koma manja m'matumba," anatero. "Mukukaona aka? Ndikazimitsa waya kuti ndikaugwire, ndimakhoma loko wanga, n'kupachika aka, n'kulembapo dzina langa ndi dzanja langali. Kuyambira pamenepo swichi iyi ndi ineyo. Bwana sangaiyatse. Mkazi wanga sangaiyatse. Kaya tauni yonse ikutukwana, kaya nyama ikuwola m'mafiriji, wochotsa aka ndi mwini dzina basi.

"Ndipo kiyi wa loko wako subwereka munthu, ngakhale amene umadya naye mbale imodzi. Sikuti mnzakoyo ndi mfiti ayi. Kungoti iye ali ndi changu chake, pamene iwe uli ndi moyo wako pa waya. Ine ndinanyamulapo bokosi la mnyamata wabwinobwino, chifukwa anauza mnzake kuti, 'Ukamadutsa undichotsereko kanga, ndikhala nditamaliza.' Mnzakeyo anafulumira ndi theka la ola lokha.

"Tsono mumve. Chilichonse chimene mwachita pa magetsi chizikhala ndi dzina. Dzina likakhalapo, mwini wake aziima pomwepo, zimuwalire kaya zimuipire. Ntchito ino imakhululukira wolakwa amene wanena msanga. Wobisa ndiye imamudikirira pa mphambano."

"Ameni," anatero Tate. "Chopereka tiike pati, abusa?"

"Pereka makutu," anatero a Orval.

3. Mapu a chikuku

Vuto linali mamita a pa zitsime za kutali, kumene mapampu a magetsi amatungira ng'ombe madzi. Mphepo ikagwedeza mawaya, magetsi ankaphethira, mita n'kutumiza mpweya womaliza, kenako n'kudzukanso. Madontho ofiira ankangoti mbwee pa mapu, ndipo amisiri ankadandaula kuti foni ikuwalirira chabe.

Loweruka kunali msonkhano wa pachaka wa alimi onse, ndipo Tate ndiye anasankhidwa kuti akaonetse mapu. Lachinayi anakankha mpando wake mpaka pa desiki ya Shelby.

"Nachete, taona zinthuzi. Ngati mwana wa chikuku. Ndikaonetse zimenezi kwa alimi mazana atatu? Adzandiseka mpaka Khirisimasi."

"Ndi mamita a pa zitsime," anatero Shelby. "Mphepo."

"Ndiye atontholetse. Si iwe katswiri?"

Shelby ankakonda mafunso ovuta. Sipanathe ola, anali atalemba mizere isanu ndi umodzi mu pulogalamu yoyeserera. Lamulo lake linali losavuta: mita imene yalira koposa kasanu pa sabata, isamvedwenso. Dontho lisayake, foni isalire.

Mapu anayera ngati mbale yotsuka.

"Eee! Mutu umenewu uzigona pa pilo ziwiri," anatero Tate.

"Koma ndi moyeserera mokha," anatero Shelby. "Mu yeniyeni sitingaike. Mita yolira kwambiri mwina ikudwaladi."

"Wanena zoika ndani? Ine ndikungofuna ndijambule mapu enieniwo, ndiyerekeze. Tandipatsa mawu ako achinsinsi aja."

"Mayi Dreesen anati..."

"Mayi Dreesen akunyamuka mawa, kumaphunziro, masabata awiri. Ukufuna ndiwavutitse ndi kachithunzi?" Tate anagwira pachifuwa. "Ndine Tate, aise. Amene ndinatsika basi m'chipale chofewa kukatola chikwama chako ana aja atachiponya pawindo. Lero ndasanduka mbava?"

Shelby anayang'ana pansi. Anang'amba kapepala, nalemba, n'kumupatsa. Tate anakapinda n'kukaika m'thumba la malaya.

4. Lonjezo la m'holo

Msonkhano unachitikira m'holo ya sukulu. Alimi anadya nyama yowotcha yoika m'mabanzi ndi nyemba zotsekemera, zipewa zili pa mawondo. Atatha kudya, mapu anaonekera pakhoma, aakulu ngati chitseko cha khola.

Panalibe dontho lofiira ngakhale limodzi. Koma kunja mphepo inali ikuwomba.

Shelby, amene anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, anayang'ana pakona ya mapuwo. Panalembedwa kuti ndi pulogalamu yeniyeni.

Tate analankhula ngati wobadwira pa nsanja. Anthu anaseka pofunika kuseka, n'kuomba m'manja pofunika kuomba. Kenako mayi wina wachikulire anaimirira, atatsamira ndodo. Anali Mayi Lorene Pokorny, amasiye, amene ankasamala okha ng'ombe zawo ngakhale anali atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno.

"Mwana iwe, ndimve bwino," anatero. "Busa langa la kumpoto ndi ola lathunthu pa mchenga, ndipo chiuno changachi chimadana ndi mabampu. Ukuti pampu ikazima, mudziwa?"

"Mayi, tidziwa musanamalize kapu ya khofi," anatero Tate. "Ndipo tikuimbirani. Masiku oyenda mtunda wonsewo kukangosuzumira thanki atha."

"Ukandinamiza ndikukwatitsa kwa ng'ombe yanga yolusa ija," anatero Mayi Pokorny, holo yonse n'kuphulika ndi phwete.

Mkulu wa bungwe, a Stenger, anamugwira Tate paphewa pamaso pa onse. Ananena kuti amulembera kalata ya ku koleji ndi dzanja lawo, ndiponso kuti malo ake ku bungwe azimudikirira.

Panja, Shelby anamukoka malaya.

"Waika mu yeniyeni."

"Mpaka Lachitatu basi," anatero Tate, akumwetulira anthu odutsa. "A Stenger akubwera ndi alendo kudzaona mapu. Akangopita ndichotsa. Usakhudze, wamva? Usandichititse manyazi."

Lolemba Shelby analowa mu pulogalamu yeniyeni kukakonza mayina monga mwa masiku onse. Mizere yake ija inali pompo. Kuifufuta kukanatenga mphindi imodzi. Anayang'ana Tate, amene ankaseka ndi amisiri pa tebulo la madonasi. Anatseka pulogalamuyo osafufuta kanthu.

Lachiwiri anachitanso chimodzimodzi.

5. Zizindikiro za m'makutu

Lachitatu masana, alendo atangochoka, chitseko cha ofesi chinatseguka mwamphamvu. Analowa Mayi Pokorny, nsapato zili mchenga wokhawokha. Sanapereke moni. Anatsanula pa kauntala zinthu zimene zinali m'chipewa chawo.

Zinali zizindikiro zachikasu za m'makutu a ng'ombe, zodula ndi mpeni.

"Werengani," anatero.

Palibe anawerenga.

"Khumi ndi zinayi. Zinayi zazikulu, khumi ana. Ndazipeza zitazungulira thanki youma, zina mitu ili m'kati. Fyuzi ya pa polo ili lende. Ine ndinali kumweta udzu kufupi ndi nyumba, foni m'thumba, kudikira kapu ya khofi ija." Anayang'ana uku ndi uku. "Ali kuti mwana wa pakamwa pokoma uja?"

Tate panalibe. Shelby yekha ndiye anamuona akulowa kachipinda ka kumbuyo, dzanja lili m'thumba la malaya. Patapita mphindi ziwiri anatuluka, nkhope ili yachisoni ngati wobwera kumaliro.

A Stenger anatsegula kaundula wa mauthenga. Mpweya womaliza wa mita ya pa chitsimecho unalimo. Unafika Lamulungu, mphindi khumi ndi ziwiri itadutsa 4 koloko masana.

"Ndiye kuti mita inalira," anatero a Stenger. "Pa ntchito panali ndani?"

"Ine," anatero a Orval, amene anali atangolowa kuchokera kosungira zipangizo. "Koma foni yanga sinalire."

A Stenger anatuma mmisiri wina kukakonza fyuzi. Patatha ola, ataikonza, anamuuza pa foni kuti azimitsenso dala. Pompo foni ya a Orval inalira pa tebulo, aliyense akumva.



"Bwana, ndingalankhulepo?" anatero Tate mwaulemu. "Pulogalamuyi ilibe vuto, mwaona nokha. Kungoti mmisiri akadina pa foni kuti wauona uthenga, dontho limachoka pa mapu. Mwina mdala anadina osadziwa. Si paja foniyi amaiponya pena paliponse? Sindikuwanena ayi. Zimachitika munthu akamakula."

Amisiri ena anayang'ana pansi. Onse ankadziwa za kachidole.

A Stenger anapuma mozama. "A Orval, kapumuleni kaye kunyumba. Komiti ikumana Lachisanu 3 koloko. Ikaona ngati mukuyenera kupitiriza."

A Orval anayang'ana foni ija kwa nthawi. Kenako anaika makiyi a galimoto ya ntchito pafupi ndi zizindikiro zachikasu zija, n'kutuluka.

Shelby anali ataimirira. Mawu anali atafika pa lilime. Tate anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo Shelby anakhalanso pansi.

6. Kuseri kwa ofesi

Lachinayi Shelby anamupeza Tate kuseri kwa ofesi, atakhala pa chigudumu cha mawaya, akudya chitumbuwa.

"Ukawauze," anatero Shelby.

"Moni kaye, Nachete."

"Amalume sanadine kanthu. Foni sinalire. Ukudziwa."

"Ine ndikudziwa kuti pulogalamu ikuyenda bwino. Ndachotsa zija, palibe anaona. Nkhani yatha."

"Achotsedwa ntchito."

"Apuma, aise, si kufa. Zaka makumi atatu n'zingati pa mapolo? Mawondo awo atithokoza." Anapukuta pakamwa. "Iwe ukufuna a Stenger ang'ambe kalata yanga chifukwa cha munthu amene akanapuma ndithu chaka chamawa?"

"Unati ukungojambula."

"Ndipo iwe unakhulupirira?" Tate anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. "Tamvera, poti wayamba kulankhula lero. Pulogalamu ija imasunga dzina la aliyense wosintha kanthu. Wolemba lamulo lija, Shelby Kucera. Woliika Lachisanu, Shelby Kucera. Wolichotsa dzulo, Shelby Kucera. Langa mulibemo ngakhale chilembo chimodzi."



"Unadziwa," anatero Shelby. "Pomwe unkapempha kapepala kaja, unadziwa."

"Ndinangosamala. Nawe ukanasamala." Anaimirira n'kusasa nyenyeswa pa buluku. "Ndiye pita, ukanene. Ukaime pamaso pa madoda asanu ndi awiri a komiti, iwe amene sutha kuitanitsa ngakhale tchipisi. Ukanene kuti Tate anakukakamiza. Adzafunsa umboni, iwe udzalira, basi. Mayi Dreesen akamabwera nkhaniyi idzakhala itazizira, ndipo sadzafukula za kale. Ingochita chimene umachitha."

"Chiyani?"

"Kukhala chete."

Anatulutsa kapepala kaja m'thumba, nakaika m'dzanja la Shelby, n'kumupinditsa zala ngati akumupatsa siwiti.

"Katundu wako," anatero, n'kulowa mu ofesi akuimba mluzu.

Madzulo basi ya sukulu yopanda anthu inadutsa pa msewu ikupita kokonzedwa. Shelby anatembenuka kuti asaione.

7. Busa la kumpoto

Lachisanu m'mawa Shelby sanapite ku ofesi. Chakumasana mayi ake anamuuza kuti amalume apita kukathandiza Mayi Pokorny kukwirira ng'ombe, ndipo aiwala chakudya chawo. Shelby anatenga chakudyacho n'kuyendetsa galimoto ya mayi ake ola lathunthu pa mchenga.

Fungo linamulandira asanaone kanthu. Miimba inali itatera pa mpanda, mzere wautali. Pampu inali ikung'ung'udza, madzi akusefukira m'thanki, ng'ombe zotsala zitaima chapatali. Mayi Pokorny anali tsidya lina la thankiyo, akumanga waya wa mpanda umene ng'ombe zinathyola pofuna madzi.

A Orval anali atakumba dzenje ndi thirakitala. Ataona Shelby anazimitsa injini n'kutsika pang'onopang'ono.

"Wajomba ntchito chifukwa cha mkate wa nkhalamba?" anatero. "Ukuphunzira makhalidwe oipa."

Anakhala pa chitseko cha kumbuyo cha galimoto yawo yakale. A Orval anatsegula chakudya, koma sanadye.

"Kukomiti mupita?" anafunsa Shelby.

"Ndipita. Koma sindikatsutsa."

"Chifukwa?"

A Orval anatambasula manja awo. Zala zake zinali zazikulu, zokhakhala ngati makungwa.

"Taona izi. Chala chimodzi chimadina zilembo zitatu. Masiku awiri ndakhala ndikuganiza za Lamulungu lija. Ndinali kukonza mpope kwathu, kachidole kali m'thumba. Ndinawerama, ndinagwada, ndinatsamira khoma. Ndani angalumbire kuti sindinadine? Azakhali ako akhala akunena kuti khutu la kumanzereli linapita kale. Mwina mnzako uja wanena zoona."

"Amalume..."

"Ayi, mwana wanga, ndisiye ndimalize, chifukwa ichi n'chimene ndikufuna utenge kwa ine, osati nthabwala zanga. Munthu wa magetsi akayamba kusamva, azitsika pa polo yekha asanamutsitse. Lero ndi ng'ombe. Mawa ndi nkhalamba ya makina opumira, kapena khanda m'nyumba yozizira. Sabata ija dzina limene linali pa ntchito linali langa. Ndinakuphunzitsani kuti mwini dzina aziima pomwepo. Nanga ine ndithawe? Ndikawauza kuti ndalakwa, ndipepese kwa Mayi Pokorny, ndibweze zingwe zanga zokwerera. Chondipweteka si ntchito ayi. N'chakuti mayi aja anandikhulupirira zaka zonsezi, ndipo ine sindikukumbuka n'komwe pamene ndinawagwiritsa fuwa lamoto."

Shelby anali asanawaonepo amalume ake akupukuta m'maso.

Kapepala kaja kanali m'thumba mwake. Anakatulutsa.

"Amalume," anatero, mawu ali pansipansi.

"Lankhulira kuno, ku khutu lamoyo."

Shelby anaimirira, nazungulira mbali inayo. Mawu atatuluka, anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira, mpaka miimba iwiri inauluka pa mpanda.

"Simunadine kanthu. Foni yanu sinalire. Mita ija ndinaitontholetsa ndine. Ndinalemba lamulo loti isamvedwe, ndinapatsa Tate mawu anga achinsinsi, iye analiika mu yeniyeni. Ndinaliona Loweruka, ndinaliona Lolemba, ndinaliona Lachiwiri, koma sindinalichotse. Lachitatu ndinali pomwepo akukunamizirani, ndipo ndinakhala pansi."

Pampu inapitiriza kung'ung'udza.

A Orval anapita kutsogolo kwa galimoto, nabwera ndi kachikwangwani kofiira kosalembedwa ndi cholembera.

"Lemba," anatero.

Shelby analemba dzina lake ndi tsiku.

"Nanga la Tate?"

"Dzina la mnzako sulemba ndiwe. Akalemba yekha, kapena akakana pamaso pako." Anayang'ana wotchi. "2 koloko yadutsa, ndipo mchengawo ndi ola. Ukatha kunenanso zimenezi anthu asanu ndi awiri akukuyang'ana?"

Shelby asanayankhe, kumbuyo kwawo kunamveka ndodo ikugunda thanki. Mayi Pokorny anali ataima pomwepo, akuvula magolovesi chala chimodzichimodzi. Nkhope yawo sinkaonetsa chifundo, sinkaonetsanso mkwiyo.

"Asanu ndi atatu," anatero. "Sendera uko, mtsikana. Ndikhala pakati m'galimotomu."